Musanagule makina okumbira kripito, yang'anani kaye mita ya magetsi

Munthu akamva zoti pali bokosi lachitsulo lomwe ukalilumikiza ku magetsi ndi ku intaneti limayamba kukupangira ndalama ya pa intaneti yotchedwa Bitcoin usana ndi usiku, chomwe amafunsa msanga n'chakuti makina abwino kwambiri ndi ati. Funsoli n'lomveka, kungoti limafulumira. Makina amodzimodzi akhoza kupindulitsa wina n'kusaukitsa mnzake amene anagula tsiku lomwelo kwa wogulitsa yemweyo. Chimawasiyanitsa ndi mtengo wa yuniti imodzi ya magetsi kumene aliyense akukhala, mphamvu ya mawaya a m'khoma mwake, komanso kuleza mtima kwa anthu amene amagona naye m'nyumbamo. Wogula makina okumbira amakhala akugula chida chogulitsira magetsi ake kuti amulipire mu kripito, ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Ngati magetsiwo amawagula modula, chidacho chingomuthandiza kutaya ndalama mwachangu.

Mawu akuti kukumba amasocheretsa pang'ono, chifukwa palibe chuma chokwiriridwa chomwe makinawa amafukula. Bitcoin ili ndi kaundula mmodzi wa ndalama zonse zotumizidwa ndi kulandiridwa, ndipo kaundulayo amawonjezeredwa tsamba latsopano pafupifupi mphindi 10 zilizonse. Tsambalo amati buloko. Wolemba tsamba lotsatira sasankhidwa ndi bwana aliyense, amapezeka pa mpikisano. Makina aliwonse amatenga zomwe zikudikira kulembedwa, amaphatikizapo nambala yongolota, n'kuzidutsitsa m'masamu otchedwa SHA-256. Masamuwo amatulutsa nambala ina yaitali yomwe amati hash. Ikakhala yaing'ono kuposa malire omwe aikidwa, mwini makinawo wapambana. Ikapanda kutero, makina amasintha nambala yongolota ija n'kuyesanso. Palibe njira yachidule, palibe luso. N'kuyesa basi, ngati woponya mayere mobwerezabwereza, ndipo amene akuponya kambiri pa sekondi ndiye ali ndi mwayi waukulu. Wopambanayo amalandira ndalama zatsopano, zomwe kuyambira mu Epulo 2024 ndi 3.125 BTC (chidule cha Bitcoin) pa buloko, kuphatikizapo tindalama tomwe otumiza amalipira kuti zawo zilembedwe msanga.

Pamene Satoshi Nakamoto, yemwe anayambitsa Bitcoin, ankakumba buloko yoyamba pa 3 Januwale 2009, kompyuta wamba ya patebulo inkakwana. Pofika 2010 anthu anazindikira kuti makadi ojambula zithunzi za masewera a pakompyuta, omwe amati GPU, amachita masamu obwerezabwerezawa mwachangu kuposa pulosesa. Kumayambiriro kwa 2013 kunabwera makina a Avalon, okhala ndi tichipi topangidwira ntchito imodzi yokha, kuwerengera SHA-256. Tichipi totere ndi tomwe amati ASIC, ndipo kuchokera pamenepo kompyuta wamba inachoka mumpikisano wa Bitcoin. Lero opanga makinawa akuluakulu ndi atatu, onse ochokera ku China: Bitmain yomwe imapanga Antminer, MicroBT yomwe imapanga Whatsminer, ndi Canaan yomwe imapanga Avalon.

Mbiriyi ili ndi phunziro limodzi lofunika kwa wogula. ASIC imadziwa masamu amtundu umodzi wokha. Makina a SHA-256 akumba Bitcoin ndi ndalama zina zochepa zogwiritsa ntchito masamu omwewo, koma sangakumbe ndalama ya Litecoin, yomwe imagwiritsa ntchito masamu ena otchedwa Scrypt. Sangalembe kalata, sangaonetse kanema, sangasinthidwe kukhala china chilichonse. Tsiku lomwe asiya kupindula amasanduka chotenthetsera m'nyumba chaphokoso. Choncho kusankha ndalama yomwe mukufuna kukumba kumatsogola, kusankha makina kumabwera pambuyo.

Manambala atatu a pabokosi

Wogulitsa aliyense amayamba kukuuzani liwiro la makina, lomwe pa Bitcoin amaliyeza mu TH/s. TH/s imodzi ndi kuyesa ka 1 thiriliyoni pa sekondi. Nambala yachiwiri ndi mawati, kusonyeza magetsi omwe makinawo amadya. Yachitatu ndiyo ambiri amaidumpha, pomwe ndi imene imagamula mlandu: magetsi omwe makina amadya pa TH iliyonse, olembedwa J/TH. Mukhoza kuipeza nokha pogawa mawati ndi TH/s. Ikachepa nambalayi, makinawo ndi abwino.

Taonani mmene yakhala ikutsikira pa makina atatu a kampani imodzi. Antminer S9, yomwe inatuluka mu 2016, inkachita pafupifupi 14 TH/s pa mawati cha m'ma 1,400, kutanthauza pafupifupi 100 J/TH. Antminer S19 Pro ya mu 2020 imachita 110 TH/s pa mawati 3,250, zomwe ndi 29.5 J/TH. Antminer S21 imachita 200 TH/s pa mawati 3,500, kapena kuti 17.5 J/TH. Yuniti imodzi ya magetsi ikalowa mu S21 imagwira ntchito yoposa kasanu poyerekeza ndi ikalowa mu S9. Onsewa ali pa mpikisano umodzi, kulimbirana mphoto imodzi.

Tsopano tiwerenge, chifukwa masamu ake ndi apafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa tsiku pamatuluka mabuloko pafupifupi 144. Kuchulukitsa ndi 3.125 kukupatsa 450 BTC, ndipo imeneyi ndiyo mphoto ya dziko lonse patsiku. M'chaka cha 2025 mphamvu ya makina onse okumba Bitcoin pamodzi inafika cha m'ma 1,000 EH/s, komwe ndi TH/s 1 biliyoni. Tikagawa 450 BTC kwa TH/s 1 biliyoni, iliyonse ikupeza masatoshi 45 patsiku. Satoshi ndi kagawo kochepetsetsa ka Bitcoin, ndipo 100 miliyoni amapanga Bitcoin imodzi.

S21 ija, ndi 200 TH/s yake, ipeza masatoshi 9,000 patsiku. Pa tsiku lomwelo idya mayunitsi 84 a magetsi, chifukwa mawati 3,500 kwa maola 24 ndi 84 kWh. Ndiye kuti yuniti iliyonse ikubweza masatoshi pafupifupi 107. S19 Pro ipeza masatoshi 4,950 pa mayunitsi 78, kapena kuti 63 pa yuniti. S9 ipeza 630 pa mayunitsi pafupifupi 34, zomwe ndi masatoshi 19 okha pa yuniti. Ndalama zolipira otumiza zimawonjezera pang'ono pamwambapa, ndipo gulu la okumba lomwe mwaphatikiza nalo mphamvu limadulapo pang'ono, koma chithunzi chake n'chimenechi.

Chatsala n'kutenga risiti yanu ya magetsi, kuona mtengo wa yuniti imodzi, n'kuusintha kukhala masatoshi pa mtengo wa Bitcoin wa tsiku limenelo. Ukaposa 107, ngakhale S21 yatsopano ikhala ikukudyerani ndalama kuyambira ola loyamba. Ukakhala 80, mukutsala ndi 27 pa yuniti, omwe ndi masatoshi 2,268 patsiku, ndipo ndi mu tindalama timeneti momwe mtengo wa makinawo uyenera kubwerera musanayambe kunena za phindu. Apa ndi pamene wokumbira kunyumba amagonjera. Makampani akuluakulu amamanga malo awo pafupi ndi madamu, minda ya mphepo kapena zitsime za gasi, n'kugwirizana ndi opanga magetsi mtengo wapansi kwambiri. Wa kunyumba amagula pa mtengo wa aliyense. Komanso mayunitsi 84 patsiku ndi 2,520 pa mwezi, ndipo kumene mtengo wa yuniti umakwera ukagwiritsa ntchito ambiri, makina amodzi akhoza kukweza mtengo wa magetsi a nyumba yonse, ophikira ndi owunikira omwe.

Masamu amenewa ndi a lero lokha. Mawa amasintha, ndipo kawirikawiri amasinthira koipa. Mabuloko 2,016 aliwonse, omwe ndi pafupifupi milungu iwiri, Bitcoin imadziyeza yokha. Ikaona kuti mabuloko akhala akutuluka mwachangu kuposa mphindi 10 chifukwa makina achuluka, imachepetsa malire aja kuti kupambana kuvute. Ndiko komwe amati difficulty. Mphoto sikula ayi, odya okha ndiwo amachuluka. Makina anu akhoza kukhala akugwira ntchito bwinobwino ngati tsiku lomwe munawagula, koma masatoshi 45 aja n'kutsika kufika 40, kenako 35, chifukwa choti kwinakwake kampani yalumikiza makina masauzande atsopano.

Chinanso n'kudulidwa pakati kwa mphoto, komwe kumachitika mabuloko 210,000 aliwonse. Inayamba ili 50 BTC, inatsika kufika 25 mu Novembala 2012, 12.5 mu Julayi 2016, 6.25 mu Meyi 2020, ndi 3.125 mu Epulo 2024. Kudulidwa kotsatira kukuyembekezeka cha mu 2028, ndipo tsiku limenelo masatoshi 107 pa yuniti adzakhala 53 m'kuphethira kwa diso. Wogula makina amene akuwerengera zaka zitatu kuti ndalama yake ibwerere ayenera kuona kaye ngati tsikuli silikugwera m'kati mwa zaka zitatuzo.

Pamenepa wina amayankha kuti mtengo wa Bitcoin udzakwera, zonse zidzakhala bwino. Mwina udzakweradi. Koma ngati chiyembekezo chanu chonse chili pa kukwera kwa mtengo, yerekezani ndi munthu amene watenga ndalama yogulira makina ndi ya magetsi n'kungogula Bitcoin mwachindunji. Iyeyo alibe fani yoti isweke kapena woyandikana naye woti adandaule. Makina amakhala anzeru pokhapokha ngati pa moyo wawo wonse akupatsani masatoshi ochuluka kuposa omwe mukanagula ndi ndalama yomweyo. Ndipo mtengo ukakwera, mitengo ya makina imakwera nawo, anthu ambiri amalowa, difficulty n'kutsatira pambuyo.

Kodi nyumbayo ipirira?

Tinene kuti masamu akuvomerezani. Funso lotsatira ndi la nyumba, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anthu ambiri amadzidzimuka, chifukwa pa chithunzi makinawa amaoneka ngati kabokosi kosavuta.

Mawati 3,500 pa magetsi a 230 V ndi pafupifupi maampeya 15 (15 A). Masoketi ambiri a m'nyumba anapangidwira 13 A kapena 16 A, kutengera dziko. Ketulo yamagetsi imadyanso magetsi ambiri, koma imayaka mphindi zitatu n'kuzima, waya n'kuzizira. Makina okumbira sazima. Amakoka magetsi omwewo maola 24, mwezi ndi mwezi, ndipo pamene pali polumikizira pofooka pamayamba kufunda, pulasitiki n'kuyamba kuda, kenako kusungunuka. Moto ukhoza kuyambira pa pulagi kapena pa waya wowonjezera, osati m'makinamo mokha. Makina aakulu amafuna waya wawowawo wochokera pa bolodi lalikulu la magetsi, wonenepa mokwanira, wokhala ndi chodulira magetsi chakechake, ndipo woika akhale katswiri wa zamagetsi. Amafunanso magetsi osachepera 200 V, choncho kumayiko monga United States, komwe soketi wamba ndi ya 120 V, sayaka n'komwe pa khoma wamba. Makina ena atsopano oziziritsidwa ndi madzi amafuna magetsi a magawo atatu, a kumafakitale, omwe nyumba zambiri zilibe. Werengani pepala la makinawo musanalipire.

Kenako kutentha. Wati iliyonse yolowa m'makinawa imatuluka ngati kutentha, palibe yomwe imasanduka china. S21 imodzi ili ngati zotenthetsera m'chipinda ziwiri zoyaka nthawi imodzi osazima. Mukaitsekera m'chipinda chaching'ono, pakatha ola limodzi imayamba kupuma mpweya wake womwe wotentha, tichipi timafika pa malire, ndipo makina amadzichepetsa liwiro kapena kuzima okha. Njira yake n'kuwapatsa mpweya wozizira mbali imodzi ndi kutulutsira wotenthawo kunja kudzera m'paipi, kuti iwiriyi isasakanikirane. Kuziziritsa chipinda ndi makina oziziritsira mpweya n'kuwonjezera magetsi ena pa masamu aja, ndipo nthawi zambiri kumadya phindu lonse. Kumayiko ozizira nkhaniyi imatembenuka: munthu amene akanalipira kale magetsi otenthetsera nyumba m'nyengo yachisanu amapeza kutenthako ngati phindu, ndipo alipo makina ena opangidwira zimenezo. Kumalo otentha ndi mtolo chabe.

Phokoso ndiye losasimbika kwa amene sanalimvepo. Pa pepala amalemba kuti phokosolo ndi 75 dB, nambala yomwe siuza munthu kanthu. Mukayatsa makina ngati S19, kwa masekondi angapo kumakhala zii, nyali zobiriwira n'kumaphethira. Kenako mafani anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, amadzuka limodzi n'kukwera mpaka pamapeto, kulira kosongoka kolowa m'mano, kofanana ndi makina opopera fumbi omwe wina waiwala kuzimitsa. Mukaima pafupi mumayamba kukuwa polankhula. Kutseka chitseko kumangochepetsa, kulirako kumadutsa m'khoma. Pabalaza kapena kuchipinda n'zosatheka, ndipo m'nyumba zogundizana ndi anthu ena mudzakhala mukuyankha milandu. Ena amawaika m'bokosi lomata zophimba phokoso, ena amasintha mafani, ena amamiza makina onse m'mafuta apadera osadutsa magetsi. Njira yotsika mtengo ndi kuika pulogalamu ina yoyendetsera makinawo, monga Braiins OS, n'kuwatsitsa mphamvu. Liwiro limachepa, koma magetsi amachepa kwambiri kuposa liwirolo, motero J/TH imakhala bwinoko ndipo mafani amafatsa. Kwa wa kunyumba, makina aakulu oyenda pa theka la mphamvu yawo nthawi zambiri amaposa oyenda mothamanga.

Fumbi ndi chinyezi zimapha makina pang'onopang'ono. Mafani amakoka chilichonse chili mumpweya n'kuchipanikiza pakati pa tizitsulo tozizira, ndipo fumbi likanyowa limayamba kudya mabolodi. Sefa pa khomo la mpweya ndi kupopera kamodzikamodzi n'zofunika. Intaneti yokha sivuta: makinawa amatumiza ndi kulandira zochepa kwambiri, kungoti isamadukeduke, ndipo aakulu ambiri amafuna waya, alibe Wi-Fi.

Kumene magetsi amathimathima, chotsani maola amenewo pa masamu anu, ndipo musaiwale kuti magetsi akamabwerera mwamphamvu amawotcha chopatsira mphamvu makina. Nanga sola? Dzuwa limapereka magetsi amphamvu maola ochepa patsiku, pomwe makina amafuna 24. Mabatire osunga mayunitsi okwana usiku wonse amadula kuposa makinawo. Kuyatsa masana okha n'kotheka, ndipo kwa amene ali ndi mapanelo otsala ndi magetsi opanda ntchito ndi njira yabwino ndithu, koma makina ogwira maola 6 amatenga nthawi yotalika kanayi kuti abweze mtengo wawo, difficulty ikukwerabe. M'malo otere makina akale otsika mtengo amamveka kuposa atsopano, chifukwa magetsiwo ndi aulere ndipo chomwe mukufuna n'kusataya zambiri pogula. Jenereta ya dizilo kapena petulo musaiganizire.

Timakina ting'onoting'ono, makadi ndi mapulosesa

Zaka zaposachedwa kwabwera timakina topangidwira panyumba. Bitaxe ndi kabolodi kokwana m'manja, kokhala ndi chipi chimodzi chonga cha m'makina aakulu, ndipo mapulani ake ndi otseguka kwa aliyense wofuna kupanga. Mtundu wa Gamma umachita pafupifupi 1.2 TH/s pa mawati osafika 20, ndipo umalumikizidwa pa Wi-Fi. Avalon Nano 3 ya Canaan imachita 4 TH/s pa mawati 140. Tonseti timakhala patebulo osasokoneza tulo. Koma bwererani ku masatoshi 45 aja: Bitaxe ipeza pafupifupi 54 patsiku. Imeneyo si ndalama yoti n'kuiwerengera.

N'chifukwa chake eni ake ambiri amatikumbitsa paokha, osagawana ndi gulu, kuyembekeza kuti tsiku lina kachipi kawo kadzapeza buloko yonse. Zinachitikapo, ndipo zikachitika nkhani yake imafala ponseponse. Koma pa 1.2 TH/s pakati pa 1 biliyoni, ndi mabuloko 52,560 pa chaka, nthawi yodikira imakhala pafupifupi zaka 16,000. Ngakhale S21 yokumba payokha ingadikire zaka cha m'ma 95. Amene akugula kamakina kotere kuti aphunzire mmene zinthuzi zimayendera, kapena ngati tikiti ya mayere yosatha ntchito, sakulakwa, ndipo ineyo ndi komwe ndingalozere woyamba kumene. Amene akukagula kuti kazimulipirira lendi wanamizidwa.

Okumba ena onse amalowa m'magulu omwe amati pool, momwe mphamvu zimaphatikizidwa ndipo mphoto imagawidwa molingana ndi ntchito ya aliyense. Gulu loyamba linali Slush Pool mu 2010, lomwe pano limatchedwa Braiins Pool, ndipo ena odziwika ndi Foundry USA, AntPool, F2Pool ndi ViaBTC. Poyerekeza magulu, onani gawo lomwe amadula, komanso ndalama yochepetsetsa yomwe amalola kutulutsa. Wa makina aang'ono akhoza kukumba miyezi yambiri asanafike pa mlingowo.

Za makadi a GPU ndinene mwachidule, chifukwa nthawi yake inapita. Ndalama yomwe inkadyetsa okumba ndi makadi inali Ethereum, ndipo mu 2021 makadi anasowa m'misika mpaka Nvidia inayamba kutulutsa ena ofooketsedwa dala pa ntchito yokumba. Pa 15 Seputembala 2022 Ethereum inasiyiratu kukumba n'kusamukira ku njira ina yotetezera kaundula wake. Makadi mamiliyoni anathamangira ku ndalama zing'onozing'ono monga Ethereum Classic ndi Ravencoin, zomwe mphoto zake sizikanakwanira khamu lonselo. Ubwino wa khadi ndi woti lili ndi ntchito zina ndipo limagulitsika. Ngati muli nalo kale, yesani. Kugula makadi atsopano n'cholinga chokumba kokha n'kovuta kukuikira kumbuyo.

Ndalama ina yotchedwa Monero inasankha njira yosiyana. Mu Novembala 2019 inayamba kugwiritsa ntchito masamu otchedwa RandomX, opangidwa dala kuti pulosesa wamba ikhale pabwino. Pamenepa chofunika ndi malo osungira a m'kati mwa pulosesa omwe amati L3 cache, pafupifupi 2 MB pa nthambi iliyonse yogwira ntchito, ndi RAM yoposa 2 GB ya ntchitoyi yokha. Mapulosesa a AMD Ryzen amachita bwino pa chifukwa chimenechi. Zopeza zake n'zochepa, koma simugula kanthu katsopano.

Palinso ma ASIC a ndalama zina. Antminer L7 imakumba Litecoin ndi Dogecoin nthawi imodzi, poti kuyambira 2014 ziwirizi zimakumbidwa limodzi. Pa mawebusaiti owerengera phindu, makina a ndalama zatsopano ndiwo amaoneka pamwamba, ndipo m'pamene pali msampha. Kaspa ndi chitsanzo chabwino. Inkakumbidwa ndi makadi mpaka mu 2023 pamene ma ASIC ake anatuluka. Oyamba kulandira makina anapindula kwambiri, koma makinawo atachuluka mphamvu ya okumba inakwera mowirikiza, ndipo ogula mochedwa anapeza phindu lomwe anaona pa webusaiti litasungunuka katundu asanafike. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pa ndalama yaing'ono, opanga makinawo ndi omwe amayamba kuthamanga.

Atsopano kapena ogwiritsidwapo ntchito

Makina akale amakopa chifukwa makampani akuluakulu akamasintha awo amawagulitsa motchipa kwambiri. Akutchipa chifukwa kwa mwini wake, amene amagula magetsi motsika kuposa inu, asiya kupindula. Amamveka kwa munthu wa magetsi aulere kapena wofuna kutentha kwake. Ngati mwasankhabe kugula, musakhulupirire kunja kwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: bokosi amalipukuta n'kuwala pomwe mabolodi anapsa kale.

Pemphani kuti awayatse pamaso panu kapena pa kanema wamoyo, ndipo ayende osachepera ola limodzi, chifukwa zovuta zambiri zimaoneka makina akatentha. Kenako lowani pa tsamba lake loyendetsera kudzera pa kompyuta. M'makina ambiri a mtundu umenewu muli mabolodi atatu okumba, ndipo tsambalo limaonetsa mzere wa bolodi lililonse: tichipi tomwe tapezeka, liwiro lake, ndi kutentha kwake. Mizere itatuyo iyenera kufanana. Mukaona bolodi limodzi likuwerenga tichipi tochepa kuposa anzake, kapena liwiro lake lili pa ziro, kapena likutentha kwambiri kuposa ena awiri, ndiye kuti gawo limodzi mwa atatu la makinawo likudwala. Yerekezaninso liwiro lomwe makina akunena ndi lomwe pool ikulandira, chifukwa pool ndiyo imalipira. Unikani ndi tochi pakati pa tizitsulo tozizira muone dzimbiri, ndipo nunkhizani polowera magetsi. Mukafika nawo kunyumba, chotsani pulogalamu yomwe ilimo n'kuika yatsopano yochokera kwa opanga. Alipo makina ogulitsidwa ali ndi pulogalamu yobisika yomwe imapatutsa gawo la ntchito kupita ku chikwama cha kripito cha munthu wina, mwini wake osadziwa. Funsaninso kumene mungapeze mafani ndi chopatsira mphamvu china, poti zimenezi ndizo zimayamba kufa.

Kwa atsopano, ngozi yaikulu ndi kulipiriratu katundu amene sanapangidwe. Mu Seputembala 2014 bungwe la boma la United States loteteza ogula, Federal Trade Commission, linatengera kukhoti kampani ya Butterfly Labs chifukwa anthu analipira makina omwe ankafika mochedwa kwambiri, ena osafika n'komwe. Pa malonda awa kuchedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi n'chimodzimodzi kulandira makina ena ofooka, chifukwa mpikisano umakhala utapita patsogolo. Mawebusaiti abodza otengera maonekedwe a opanga enieni ndi ambiri, ndipo malipiro a kripito akapita sabwerera. Pa mtengo wa makina onjezanipo wonyamulira, msonkho wolowetsera katundu ndi wa waya watsopano uja.

Amene amati mungolipira iwo akukumbireni kwinakwake, n'kumalonjeza phindu lokhazikika tsiku lililonse, akulonjeza chinthu chomwe wokumba weniweni sangachidziwe, poti difficulty ndi mtengo zimasintha. Mapulogalamu a pafoni onena kuti akukumba Bitcoin nawo sakumba kanthu. Apple ndi Google analetsa kukumbira pa foni m'masitolo awo a mapulogalamu mu 2018, ndipo ngakhale akanalola, foni singafike ndi pa kachigawo kakang'ono ka Bitaxe. Malamulo nawonso amasiyana dziko ndi dziko: China inaletsa kukumba mu 2021 ngakhale kuti makina ambiri amapangidwa ndi makampani a komweko, ndipo mayiko ambiri amawerenga zopeza pa kukumba ngati ndalama yokhomera msonkho.

Pali kuyesa kumodzi kotsika mtengo komwe kungakuuzeni zambiri musanatulutse ndalama yaikulu. Gulani kamita kolowetsa pa soketi kowerenga mayunitsi, mulumikizepo kompyuta yomwe muli nayo kale, muikemo pulogalamu yokumbira ya XMRig yochokera pa tsamba la eni ake, n'kukumba Monero kwa mwezi wathunthu. Pulogalamu yoteteza kompyuta mwina idandaula, chifukwa akuba amakonda kubisa XMRig m'makompyuta a anthu ena. Pakutha pa mweziwo mudzakhala mutatsegula chikwama, mutalowa pool, mutamva fani ikulira usiku, ndipo pa pepala padzakhala manambala awiri, mayunitsi omwe kamita kawerenga ndi ndalama yomwe yalowa. Kompyuta yotere imadya mawati 100 kapena 150. S21 imadya kuwirikiza ka 20 kapena kuposerapo.